Dzina Lachitatu la M'ndege ya pa Mlirankhandwe

Iyi si ya padangotelo ayi, musandiyankhe kuti tili tonse. Mungokhala chete, wolembayo alembe momwe ndikunenera, asakonze. Ine sukulu sindidaipondepo, koma palibe adandigonjetsapo pamlandu m'mudzi muno. Ndine Nangondo ine. Nkhani imodzi yokha ndiyo ndikamaifotokoza ndimayang'ana pansi, ndiye ndi imeneyi.

Ndege idagwa paphiri lathuli la Mlirankhandwe nthawi ya nkhondo ya azungu, ine ndili kamtsikana mabere asanamere. Kudali nkhungu ya m'nyengo yozizira, yoti ukatambasula mkono zala osaziona. Ine ndi amayi tidali kunkhuni chakumtunda. Tidangomva chinthu chikutsokomola kumwamba, kho, kho, kho, kenako zii. Kenako phiri lonse lidagwedezeka, nkhuni zanga pansi mbwee.

Oyamba kufika tidali ife. Kutsogolo kwake kudali azungu awiri, amenewo zawo zidali zitatha kale. Koma kumbuyo, pamene chitsulo chidang'ambika ngati chikopa, padali munthu wathu, wovala kabudula wa khaki, miyendo yonse itapanikizika. Ankapuma.

"Mayi," adatero, Chichewa chathu chomwechi. "Madzi."

Madzi tidalibe, ngakhale kasupe sadali patali. Amayi adaima pakamwa yasa. Ndiye maso awo adagwera pansalu. Idali itatuluka m'chithumba, yoyera ngati ufa, yoterera, yambiri yoti nkufunda mudzi. Ndidamva nditakula kuti ndi ija amadumphira nayo asilikali kuchokera kumwamba. Inu a masiku ano simungamvetse. Zaka zimenezo amayi adali ndi nsalu imodzi yokha, akaichapa ankakhala m'mabango kudikira kuti iume.

Adayamba kuikoka, kuipinda, kuikoka. Munthu uja ankawaona. Sadakalipe.

"Tengani mayi, si yanga," adatero. "Koma uthenga mundinyamulire. Ndine Lufeyo, mwana wa Nasiwelo, kwa Kamphulusa, kutsidya kwa Linthipe. Mkazi wanga ndi Meresi. Mukawauze ndafera pano."

Amayi ngati sakumva. Ndiye munthu uja adatembenuzira maso kwa ine.

"Iwe mwana, bwereza."

Ndidabwereza. Lufeyo, mwana wa Nasiwelo, kwa Kamphulusa.

"Eya," adatero. "Wachita bwino."

"Esinala, tiye!" amayi adandikoka mkono. Tikutsika, kumbuyo kwathu chitsulo chotentha chinkalira pozizira, tcha, tcha, tcha.

Nonse mukudziwa kuti uthenga wa maliro saugoneka. Wakufayo kaya adakubera mbuzi, umasiya khasu m'munda nkuthamanga. Kwa Kamphulusa udali ulendo wa tsiku limodzi wapansi. Koma amayi adandikhazika kuseri kwa nkhokwe nkundipotokola khutu.

"Ukangotsegula pakamwa, adzafunsa kuti tidamusiyiranji ali moyo. Adzafunsa nsalu. Boma limanyonga pa zinthu za nkhondo, wamva?"

Amuna a m'mudzi adakafika m'mawa mwake nkhungu itachoka, adapeza onse atauma. Azungu aja aboma adawanyamula pamachila. Wathu uja adamuika pomwepo, patsinde pa msuku, opanda womulira, opanda dzina.

Nsaluyo amayi adaiviika m'makungwa ndi m'matope kuti isaoneke kumene idachokera. Ndidaivala tsiku lotuluka m'chinamwali. Akazi onse adaigwiragwira, ine mutu m'mwamba ngati nkhanga. Ndisakunamizeni, ndidanyada nayo.

Chindegecho chidakhala paphiri zaka makumi asanu. Okhoma zidebe ankadulako zitsulo nkupangira mapoto ndi masipuni. Njuchi zidamanga m'phiko. Mvula ikawapeza osaka, ankabisala kutsogolo kwake, koma kumbuyo kuja palibe ankakhalako, ngakhale mbuzi zinkalambalala. Amayi adamwalira osaitchulanso nkhaniyo. Ine ndidakwatiwa, ndidabereka ana asanu ndi anayi, ndidakhala mkulu wa amayi pamaliro. Wochedwa ndi uthenga ndinkamutukwana ndine, pagulu, mpaka kugwetsa misozi.

Chaka chimene tidavota zipani zambiri kudabwera bambo wina wa magalasi, a Chiphwanya, wochokera ku myuziyamu. Imeneyo ndi nyumba ya kutauni yosungira zinthu zakale kuti anthu azikaona. Adati ndege za mtundu umenewo zidatha padziko, iyi akufuna akailumikize iimenso ndi miyendo yake. Adabwera ndi malole awiri ndi amuna a masipanala. Masabata atatu akumasula, chidutswa chilichonse nkuchilemba nambala ndi choko. Adapemphanso kuti amene ali ndi zitsulo za ndegeyo abweze. Mnzanga Nazimbiri adakana ndi poto wake.

"Potoyu walera ana asanu ndi mmodzi," adatero. "Akamuika kumeneko aziphikira ndani? Ndege yopanda poto wanga siuluka?"

"Siulukanso mayi, ndi yongoonetsa," adatero a Chiphwanya.

"Ndiye ikaonetse ili ndi chiboo, ifenso tili nazo ziboo."

Tidaseka tonse. Kenako a Chiphwanya adadzakhala pakhonde panga, chipewa m'manja.

"Agogo, akuti inu mudali kunkhuni tsiku limenelo."

"Kunkhuni ndidaliko. Nanga nkhuni zili ndi mlandu?"

"Ayi agogo. Kungoti m'mabuku a azungu muli maina awiri. Wachitatu adangolemba kuti msilikali wachikuda. Ife zikutiwawa. Kapena mudamvako kanthu?"

"Mwana wamng'ono amamva chiyani? Tidapeza onse atafa."

Adandithokoza, nkupita. Malole adatsika phiri Lachisanu, mapiko atamangidwa ndi zingwe.

Loweruka chikho changa chidasowa pamtsuko. Ndidakalipira zidzukulu. Chidapezeka panjira, chitaimikidwa bwinobwino, chouma. Ndidachitsuka nkuchibwezera. M'mawa mwake chili panjira pomwepo. Ndidachimangirira ndi luzi kumtsuko. Luzi ndidalipeza lomasula, osati lodula ayi, lomasula ndi zala, litakulungidwa pambali mwaulemu.

Kenako fungo. Ngati palafini, koma lolemera, losakanikirana ndi chinthu chopserera. Linkabwera dzuwa likapendeka, pakhomo pokha, ukasuntha mapazi atatu latha. Mwana wanga Sitelia adafufuza nyumba yonse kuti kapena botolo latayika. Ndidamuuza kuti ndi mphuno zake.

Tsiku lina masana ndikusenda nyemba ndidamva kudenga, tcha. Ndidasiya kusenda. Tcha. Tcha. Nyumba yanga ndi yaudzu, chitsulo chilimo ndi mpeni ndi khasu basi. Galu wanga adadzuka pamene adagona, adayang'ana pakhomo, adagwedeza mchira kamodzi monga amachitira ndi mlendo, kenako adauika pakati pa miyendo nkukagona kwa aneba. Sadabwerenso.

Ndidapemphera. Koma pemphero lake lidali lozungulira, ngati munthu wolima mosiya chitsa.

Patapita sabata Nazimbiri adabwera kuchokera kumjigo, ndowa ili theka. Sadakhale pamphasa, adangoima.

"Anzanga, kumjigo kudali mlendo."

"Alendo ayamba lero?"

"Wakabudula wa khaki, wakalekale uja. Adaima patali, m'chimanga chouma, nkhope sitidaione bwino. Ankafunsa njira ya kwa Kamphulusa. Tidati sitikudziwa. Ndiye akuti, Esinala akudziwa."

Nyemba zidandigwa m'manja.

"Tidafunsana kuti Esinala ndani," adatero Nazimbiri. "Ine ndekha ndidakumbuka. Dzina limenelo adasiya kukuitanani nalo musanakwatiwe. Alidziwira kuti?"

"Ndi amisala a kumsika amenewo."

"Kapena. Koma tidamutungira madzi, potembenuka palibe. Chimanga chouma chija, anzanga, munthu angadutsemo osamveka tswa?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali, nkusenza ndowa yake.

Kuyambira pamenepo ankamuona apa ndi apo. Wanjinga wina adakumana naye pamlatho m'mamawa. Amayi ochokera kuchigayo adamupitirira atakhala pachulu, miyendo atatambasula mosakhala bwino, ngati si yake. Sadaopseze munthu. Ankangofunsa njira, mwaulemu. Ndipo malo amene ankamuonawo tsiku lililonse ankasendera kufupi ndi kwanga. Ine ndekha sindidamuone. Ndinkayenda maso ali pazala za kumapazi.

Mvula itayandikira a Chiphwanya adatumiza uthenga kuti ndipite ndikaone ntchito, poti mwa amene adali paphiri ndegeyo ikugwa ndidatsala ndekha. Ndidati ndipite, kapena kutauni ndikapumako mpweya wina. Ndidavala chilundu chatsopano, Sitelia nkundiperekeza.

Adaiika m'chinyumba chachikulu ngati chigafa cha fodya cha kuesiteti. Ine ndidaizolowera itagona chamimba m'maudzu. Kumeneko ndidaipeza itaima, mphuno m'mwamba, yaitali kuposa nyumba ziwiri. Amuna ankawongola zopindika ndi nyundo zamtengo, ena ankasoka chitsulo ndi timisomali tating'ono ngati mapira. Pamene padasowa chidutswa ankadula chatsopano, nkuchiyeza, nkuchipala mpaka chikhale. Kutsogolo konse adapaka utoto wobiriwira, ukuwala. Ndidati mumtima, anthu awa ndi amisiri.

Koma kumbuyo kudalibe munthu. Makwerero adali atatsamira pakhoma.

Mkulu wa amisiriwo, a Laisoni, wa imvi ngati ine, adandipatsa mpando.

"Kumbuyoku mwakusiyiranji?" ndidafunsa. Pakamwa pangapa mpomwe pamandipweteketsa.

Adayang'ana kaye kwa abwana awo, a Chiphwanya. "Utoto sukuuma mayi. Tapaka katatu. M'mawa timapeza ukuchucha ngati thukuta."

"Ndi chinyezi chabe a Laisoni," adatero a Chiphwanya.

"Chinyezi chosankha malo, bwana? Nanga masipanala? Tikasiya m'katimo timawapeza pakhomo lotulukira, atandandalikidwa bwinobwino. Chinyezi chaulemu chimenecho."

Amisiri ena adaseka, koma kuseka kwake kosafika m'mimba.

A Chiphwanya adanditengera pachikwangwani chimene adakonza. Padali zithunzi ziwiri za anyamata achizungu, pansi pake zolemba. Pambali padali malo oyera, opanda kanthu. Kuwerenga sindidziwa, koma pamenepo ndidawerenga.

"Tidalembera makalata mpaka kunja," adatero. "Palibe akudziwa. Munthu adafera dziko la eni, ndege yake tikuipukuta ngati mkwatibwi, mwini wake alibe ndi dzina lomwe. Agogo, ngakhale mphekesera chabe?"

Tidali titaima pafupi ndi kachitseko ka kumbuyo. Kadali kotsegula. M'katimo mudali mdima, koma mdima wake wokhala ngati muli munthu amene wagwira mpweya kuti amve zimene unene. Fungo lija lidatuluka. Sindinganene kuti ndidamva mawu. Koma milomo yanga idayamba yokha kuyenda, monga idayendera ndili mwana. Ndidaluma lilime mpaka mchere wa magazi.

Amisiri onse adali atasiya nyundo, akundiyang'ana. Sitelia akundiyang'ana. Ine Nangondo, mkulu wa amayi pamaliro, ndinene pamaso pa amuna achilendo kuti ndidasiya munthu akupempha madzi chifukwa cha nsalu?

"Ndidanena kale," ndidatero. "Tidapeza onse atafa."

Kachitseko kaja kadatsekeka. Osati mwamphamvu. Pang'onopang'ono, ngati munthu wotuluka m'nyumba ya odwala. A Laisoni adavula chipewa.

Pobwerera basi idadzaza, anthu ataimirira mpaka pakhomo. Ine adandipatsa mpando wa kuwindo, Sitelia adakakhala kumbuyo pathumba la munthu. Tidayenda, tidayenda. Ndidadabwa kuti mpando wa pambali panga palibe akukhalapo. Mayi wina wa mwana kumsana adaima pomwepo, akugwedezeka ndi mabampu.

"Khalani apa mayi," ndidatero, osatembenuza mutu.

Adandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ndikhale pamiyendo pawo? Asilikali a masiku ano ulemu alibe, kuona mwana kumsana osasuntha."

Mbali yanga yonse ya kumanzere idazizira ngati ndatsamira mtsuko. Ndidaumiriza maso pawindo. Mitengo inkadutsa, ine osaiona. Titayandikira kwathu kondakitala adafika, nkuwerama.

"Agogo, abambowa akuti potsikira mukudziwa ndinu."

Siteji ya kwathu idafika. Sitelia adaimirira, adandikodola. Ine sindidadzuke. Ndidamva mawu anga akutuluka aang'ono, a kamtsikana.

"Tikatsikira ku Linthipe."

Mpando wa pambali panga udalira pang'ono, monga umalirira munthu akakhazikika bwino.

Kuchokera pamsewu kukafika kwa Kamphulusa ndi mtunda. M'njiramo ndidamuuza Sitelia zonse, ndili kutsogolo kuti ndisamuone nkhope. Nditamaliza tidawoloka mtsinje. Kenako adangoti, "Amayi, inu?" Bola akadandimenya.

Tidafika dzuwa litapendeka. Sindidalowe pabwalo la munthu. Ndidakhala pansi m'mphepete mwa njira, mutu woweramitsa, monga amakhalira wobweretsa zovuta. Anthu adaona, adayamba kutuluka mmodzimmodzi. Bambo wina wachikulire adadzanjuta patsogolo panga.

"Kwagwanji mayi?"

"Ndikufuna a kwa Nasiwelo."

"Agogo amenewo adatisiya kalekale. Ine ndine mdzukulu wawo, Yotamu."

"Nanga Meresi, mkazi wa Lufeyo?"

"Alipo. Malume mukuwadziwira kuti inu?"

Adakamutenga. Adabwera ndi ndodo, kamunthu kakang'ono kowerama, maso oyera ndi ng'ala. Akubwera choncho Yotamu adandiuza motsitsa mawu. Meresi adangokhala ndi mwamuna wake miyezi inayi, mwana padalibe. Kalata ya Boma idangoti wasowa. Akuluakulu adati munthu wosowa samulira, ndipo mkazi wake samusudzula, nanga akabwera mawa? Amuna adabwera kudzafunsira, adabwezedwa. Iye adasiya kwawo nkudzakhala ndi apongozi ake, kuwatungira madzi mpaka kuwaika m'manda. Chaka chilichonse ankazira nyumba kawiri, kuti mwini wake asadzaipeze yauve.

Adamukhazika pamphasa. Ine ndidagwada. Mawondo anga adali asanagwadirepo mkazi mnzanga.

"Ndabwera ndi zovuta," ndidatero. "Lufeyo, mwana wa Nasiwelo, adatisiya. Adafera m'ndege ya nkhondo paphiri la Mlirankhandwe. Ali patsinde pa msuku."

Mayi wina kumbuyo adayamba kulira. Meresi adakweza dzanja, kulira kudaduka.

"Mwamva liti inu?"

"Kalekale."

"Adakuuzani ndani?"

"Mwini wake."

Ndidafotokoza, za nkhuni, za madzi, za nsalu, mpaka za chinamwali. Sindidasiye chitsa. Amayi ena adayamba kung'ung'udza, wina adalavula malovu pansi. Meresi ankangomvetsera, mutu atapendeketsa.

"Mudali wamkulu bwanji?"

"Ndisanathe msinkhu."

"Ndiye mudali mwana."

Adanditsegulira khomo loti ndithawirepo. Ndidaliona. "Ndidali mwana," ndidatero, "koma ndidakula. Amayi adamwalira ndili ndi ana anayi. Wondipotokola khutu padalibenso."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Adanditchula?"

"Adakutchulani."

"Adati bwanji?"

"Adati, mkazi wanga ndi Meresi."

Adaseka kamodzi, kouma. "Sadaname."

Yotamu adapukuta m'maso ndi chikhatho. Adati mawa apita kuphiri ndi adzukulu okumba manda, akatenge malume awo adzagone ndi abale awo. Adati kutauniko apitanso yekha, akawauze a myuziyamu dzina, alilembe ndi zilembo zazikulu ngati za azunguwo. Adafunsa ngati ndingawalondolere pamsukupo. Ndidavomera.

"Zimenezo ndi za mawa," adatero Meresi. "Tengani lumo."

"Azakhali, kumeta ndi pambuyo pa maliro," adatero Yotamu. "Papite masiku kaye. Ndipo okumetani ndi achibale."

"Masiku sadapite? Ukufuna apite angati?" Adamasula duku yekha. Tsitsi lidali loyera lonse, lofewa ngati thonje. "Andimete amene wabwera ndi uthengayu."

Ndidayang'ana uku ndi uku kuti wina akane. Palibe adakana. Adabweretsa lumo ndi madzi m'mbale, nkundiikira m'manja. Ndidakhala kumbuyo kwake, mutu wake pakati pa mawondo anga ngati wa mwana. Ndameta amasiye ambiri ine, osawerengeka. Tsitsi linkagwera pachilundu changa chatsopano. Anthu onse atatizungulira, ndipo kumbuyo kwa anthuwo, cha kumene kudathera nyumba, agalu adali atakhala pansi mondondozana, onse akuyang'ana malo amodzi pamene padalibe munthu.

Ndidafuna ndithane nazo msanga ndichoke pamaso pa anthu. Lumo lidaterereka, ndidamucheka kuseri kwa khutu. Magazi adatsika m'khosi. Sadasunthe ngakhale pang'ono. Adangotembenuza mutu pang'ono, nkulankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Musathamange, mayi. Inu si wothamanga."

Ndidamumeta pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa.

Wolembawe, ika cholembera pansi. Yathera pomwepo.